Yudasi Wayamba Kupendekeka

Amayi anga, mwadzuka bwanji uko muliko? Ndine Terezinya wanu. Ndakhala pa sitepe ya tchalitchi, tsache lili pambali panga, ndangomaliza kusesa monga mwa Loweruka lililonse. Ndang'amba mapepala m'kaderno yakale ya mwana wanga Rozina, ija ankalembamo masamu ali kusukulu, kuti ndikulembereni. Ndikudziwa kuti kalatayi ilibe wokaipereka. Koma m'kamwa mwanga mwadzaza, ndipo munthu yekhayo amene ndingamuuze zimenezi ndi inu nomwe amene munandiika m'zimenezi.

Ndiyambe ndi zabwino, paja inu simunkafuna munthu wolowa ndi nkhani yoipa asanamwe madzi. Rozina wachira, ndi mwana wamkazi. Anachirira ku Insaca mwezi wathawu, ndipo tamutcha Filomena, dzina lanu. Makutu ndi anu enieni, ndipo akakwiya amakwinya pamphumi monga munkachitira mukaona munthu walowa m'tchalitchi ndi matope kumapazi. Mvula ya chaka chino inachedwa, koma itabwera inabwera ngati ili nafe mlandu. Chimanga cha kudambo chinamira chonse, cha kumtunda tapezako pang'ono, chinangwa ndiye chatigwira dzanja. Nandolo wachita bwino. Mwamuna wanga Armando akadali ndi njinga yake ija, kupita ku Amaramba kukatenga nsomba n'kukagulitsa ku Entre Lagos tsiku la sitima. Njingayo tsopano yangotsala mawaya ndi mapemphero, koma mwini wake akuti ikadali namwali. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, unangotsala msoti umodzi, ndipo ukuikira m'dengu lanu la nyemba. Manda anu ndimapalira, musadere nkhawa.

Makiyi a tchalitchi ali ndi ine. Titangokuikani, akhristu anati palibe chokambirana, mwana wa a Filomena ndiye adziwa pamene pamakhala chilichonse. Ndiye ndimasesa, ndimachapa nsalu za paguwa, ndimakangana ndi mileme. A padiri amene munkawadziwa anasamutsidwa. Kunabwera ena achinyamata ochokera ku Nampula, munthu wofatsa, akulimbana ndi chinyanja chathu, ndipo akalakwitsa mawu paulaliki amayamba okha kuseka. Iwo amati igereja, monga amanenera akuluakulu amene sanathawe nkhondo. Ine ndimati tchalitchi, monga tinazolowera ku Malawi.

Mukukumbukira mmene munkandifotokozera za nyumba imeneyi tikamakolopa? Munkati tchalitchi chino chinabwera pamutu. Nthawi ya atsamunda, ansembe achizungu atapatsidwa kamtunda kano, njerwa zinkaumbidwa kudambo, ndipo aliyense wophunzira za ubatizo ankabwera ku kalasi atasenza njerwa zake. Amayi anu anasenza zilimwe ziwiri mpaka tsitsi la pakati pamutu linathothoka, n'kumaseka okha kuti iwo anabatizidwa pa dazi. Munandionetsa kuseri kwa guwa, pamene laimu anasupuka, njerwa zokhala ndi zala za anthu amene anaziumba. Lero lomwe ndaikamo zala zanga m'njerwa ija munkati mwina ndi ya amayi anu. Mmisiri wake anali mzungu wina wa chipani cha ansembewo, amene ankayeza zonse ndi chingwe chomanga mfundo. Anaiyala nyumbayi ngati mtanda wogonekedwa pansi, mutu kuguwa, mapazi kukhomo lalikulu. Makoma anawachindikalitsa mwakuti mayi amagoneka mwana pazenera osaopa kuti agwa. Mazenerawo ndi atali, okhota pamwamba ngati khomo la uvuni wa njerwa, ndipo ngakhale dzuwa liswe mtengo kunjaku, mkatimo mumakhala mozizira. Mwala wobatizira anausema kuphiri n'kuukoka ndi ng'ombe. Nsanja ya belu ilipobe, yopanda belu wake, ndipo mpaka lero ndimaitana anthu pomenya chidutswa cha njanji chopachika pa mtengo wa mango.

Nanga atumwi aja? Mizati khumi ndi iwiri ija yotsamira makoma kunja, isanu ndi umodzi uku, isanu ndi umodzi uko, yonenepa pansi n'kumawonda pokwera. Sindidziwa amene anayamba kuitcha atumwi, koma mwambo wake ukadalipo. Misa isanayambe banja lililonse limayala mkeka pa mtumwi wake. Ife ndife a pa Andireya, ndipo msuweni wathu akabwera kuchokera ku Malawi safunsa nyumba, amangopita pa Andireya kukatidikira. Amene anakwatira kumene amapemphedwa kuti asankhe mtumwi, ndipo anthu anayambanapo chifukwa cha mthunzi wa Petulo. Koma womaliza uja wa kumadzulo, wa pafupi ndi kachipinda kosungiramo zovala za Misa, palibe amene anakhalapo chimangireni tchalitchi. Ameneyo ndi Yudasi. Tili ana munkatiopseza kuti wochita phokoso akakhala pa Yudasi, ndipo tinkangoti zii.

Zina zonse ndinazimva kwa inu, chifukwa ndinali ndisanabadwe kapena ndinali kumsana. Dziko litalandira ufulu ansembe anachoka, nyumbayi inasanduka sukulu mbali ina, mbali ina nkhokwe ya thonje. Mpaka pano mvula ikanyowetsa khoma la kummawa, bolodi lakuda limaonekera pansi pa laimu. Akhristu ankapemphera pansi pa mtengo, ndipo zinthu zopatulika ankazitsekera m'kachipinda kaja: chikho cha Misa ndi mabuku atatu olembamo maubatizo ndi maukwati kuyambira pa oyamba aja osenza njerwa. Makiyi ake ankasunga a Benedito, akatekisita athu. Kenaka inabwera nkhondo, tinathawira ku Malawi. Pobwerera ndinali mtsikana wodziwa kale kutunga madzi, ndipo zimene tinapeza ndikuzikumbukira ndekha. Denga linali litapsa, mkuyu utamera pakati penipeni pa tchalitchi, chitseko chili ndi mabowo a zipolopolo. Koma makoma ndi atumwi onse anali chiimire. Amuna anadula mkuyuwo, anakhoma malata, inu amayi munkatunga madzi a laimu mukuimba nyimbo zimene munaphunzira kumsasa wa othawa nkhondo. Tsiku la Misa yoyamba munalira mpaka ndinachita manyazi.

Ndiye anthu anafunsa a Benedito kuti chikho chili kuti, mabuku ali kuti. Iwo anangoti, “Sindidziwa kumene zili.” Anawafunsa kachiwiri pa msonkhano, anayankha chimodzimodzi. Mphekesera inayamba kuti anagulitsa chikho ku Malawi, mabuku n'kupichirira fodya. Anawachotsa pa ukatekisita. Munthu amene anasunga mpingo zaka zonse zopanda wansembe anayamba kukhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko, ndipo akukhalabe pomwepo. Okalamba ambiri anavutika posowa umboni wa ubatizo wawo, ena mpaka anakafunafuna mboni kumidzi yakutali kuti adalitse ukwati, ndipo aliyense wovutika ankatukwana a Benedito. Ife ana tinkawaimba nyimbo pamsewu. Inenso ndinaimba nawo, Amayi. Munandimva tsiku lina, munandimenya ndi mthiko mpaka unathyoka, inu amene simunkamenya mwana. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse munkandipatsa mbale ya ndiwo n'kunena kuti, “Kapereke kwa akatekisita, ndipo ugwade.” Ine ndinkati ndi chifundo chanu chabe.

Zoona zake munandiuza masiku atatu musanatisiye, masana aja titabwera nanu kuchokera kuchipatala, anthu ena onse ali kumunda. Munati, “Iwe Tere, tseka chitseko. Mabuku aja sanapse. Ali m'mimba mwa Yudasi.” Ndinaganiza kuti ndi malungo akuyankhula. Koma munafotokoza zonse bwinobwino. Tsiku lothawa, anthu atayamba kale kulowera kumabango, inu ndi bambo munabwerera. Munagumula njerwa zakunja za Yudasi cha m'munsi, munakumba zamkati zonse n'kukazitaya kutchire, munaika mabuku m'bokosi lachitsulo mutawakulunga m'kapulana yanu, chitenje chija cha ukwati, n'kubwezera njerwa zakunja zokha ndi dothi. Munasankha Yudasi chifukwa palibe amene amatsamirapo. Chikho munachiika m'katundu wanu kuti mukachisunge. Kenaka munati, “Kumsasa kuja iwe unadwala chikuku, maso anatsekeka. Bambo ako tinali titawaika kale. Chipatala chachikulu chinali kutali, ndipo mwini galimoto sankadya mapemphero. Ndinachipereka kwa wamalonda wina.” Pobwerera munkati muulula mawa, mawa n'kukhala chaka, chaka n'kukhala zaka makumi atatu. Mabuku akanatuluka, kapulana ija aliyense akanaizindikira, ndipo funso lotsatira likanakhala la chikho. Pomaliza munandigwira dzanja n'kunena kuti, “Usauze munthu. Ndilole ndigone ndi dzina langa.” Ndinalonjeza. Ndikanatani, mukundiyang'ana choncho?

Tsono imvani, Amayi. Yudasi wayamba kupendekeka. Mvula yoyamba ya chaka chatha mng'alu unaoneka pakhoma lake mkatimo, wochepa ngati ulusi. Ndinaumata ndi laimu. Mvula ya chaka chino yautsegulanso, kuchokera pazenera mpaka pafupi ndi denga, ndipo tsopano dzanja langa limalowa lonse. Mukaima pa mtengo wa mango n'kuyang'ana atumwi a kumadzulo, asanu ali pamzere, wachisanu ndi chimodzi watulutsa phewa. Ndipo mukudziwa amene amakhala pansi pa khoma limenelo: ana a Misa, pa mikeka yawo kutsogolo kuja. Kwa miyezi inayi ndakhala ndikusuntha mikekayo n'kumanama kuti pamenepo pakugwera zitosi za mileme. Ana amabwerera pomwepo chifukwa ndi pamene amaonera bwino guwa. Misa yonse ine maso ali pa mng'alu, sindimva ngakhale Uthenga. Mphepo ikawomba malata, ndimathamangitsira maso kwa ana.

A padiri anaitanitsa enjinyeru kuchokera ku Cuamba, katswiri wa zomangamanga, bambo wa chipewa choyera. Anabwera pa shapa, kaminibasi ka m'mawa, anazungulira nyumba yonse, anayeza, anakumba pafupi ndi maziko. Anagogoda atumwi mmodzimmodzi ndi kanyundo, ndipo atamva maina awo anaseka mpaka anakhala pansi. Koma atafika pa Yudasi anapeza chisa cha mavu, chachikulu ngati mphika, ndipo anangoyang'ana chapatali. Ine ndinali pomwepo ndi kapu ya madzi imene ndinamutungira. Anatifotokozera kuti mizati imeneyi si yokongoletsa ayi, ndi imene imakankha makoma kuti asatseguke ndi kulemera kwa denga. Amayi, inu ndi bambo munkayesa kuti ndi zokometsera chabe za azungu, eti? Inenso ndinkayesa choncho. Kenaka anati, “Ukanakhala mzati umodzi wofooka, bwenzi titangochirikiza khoma n'kuumanganso, sabata zingapo basi. Koma mizati iyi ndi njerwa zokhazokha mpaka mkati, siingafooke. Ndi nthaka imene ikuyenda pansipa, ndipo nthaka ilibe mankhwala.” Madzi anatayikira pamapazi panga, iye anaganiza kuti ndalumidwa ndi mavu.

Ndiye aganiza zotseka tchalitchi. Akufuna kuchotsa malata mvula isanayambe, akafolerere nyumba ina ya mabuloko imene adzamange kumsewu, ndipo makoma ano adzangowasiya kuti agwe okha. Msonkhano womaliza ndi mawa ikatha Misa. Achinyamata ena akondwa, akuti kumsewu kudzafika magetsi. Okalamba sanakondwe nazo. Mayi wina wa pa Yakobo anafunsa kuti, “Nanga kumeneko tizikayala mkeka pa ndani?”

Mukuona pamene mwandiika? Ndikakhala chete, denga lichoka, mvula ilowa m'makoma, Yudasi adzagwa yekha chaka china, ndipo mabuku ndi kapulana zidzakhala zitasanduka phala. Dzina lanu lidzagona bwino, monga munapemphera. Koma nyumba imene amayi anu anaisenza pamutu idzafa ndi matenda amene ilibe, ine ndikudziwa mankhwala ake. Ndikayankhula, nyumba ichira, koma a Filomena amene anasesa tchalitchi zaka makumi atatu, amene azimayi a mpingo anawanyamula pamapewa mpaka kumanda, adzakhala mayi uja anagulitsa chikho n'kusiya mnzake atukwanidwe. Ndipo kamwana kamene tangokatcha dzina lanu kadzakula nalo dzinalo. Ndayesa njira zonse m'mutu mwanga. Ndinaganiza zolemba kapepala kopanda dzina, koma kapulana idzanena dzina. Ndinaganiza zokatulutsa bokosilo ndekha, koma ndikasuntha njerwa imodzi mwina khoma lonse linditsata. Ndinapita kukalapa kuti ndiwauze a padiri, ndinagwada, koma ndinangolapa kuti ndinakalipira Armando. Ngakhale ndikananena, za kolapa sakanazitulutsa kunja. Kuyambira tsiku limenelo sindilandira Ukaristia, ndimangodziyesa wotanganidwa ndi ana. Armando akuti ndawonda, akufuna kunditengera kuchipatala. Rozina akufunsa tsiku la ubatizo wa mwana, ine ndimangoti tidikire.

Ndakukwiyirani, Amayi, ndinene poyera. Inu nomwe munkatiuza kuti mlandu suwola. Inu nomwe munkati zengerezu analinda kwawukwawu mukandiona ndikuchedwa kutsuka mbale. Nanga bwanji munazengereza inu mpaka manda, katundu n'kundisenzetsa ine? Munandisiyira makiyi, munandisiyira tsache, munandisokanso pakamwa. Koma ndikangoti ndikwiye kwambiri, ndimakumbukira kuti chikho chija chinapita kuti ine ndione. Maso amene ndikulembera kalatayi ndi omwewo anatsekeka ndi chikuku. Ndingakuweruzeni bwanji ndi maso amenewa? Ndimazungulira pomwepo ngati mbuzi ya pachingwe, ndipo msipu wake unatha kalekale.

Mbale ya Loweruka sindinaisiye. Lero m'mawa, ndisanabwere kudzasesa, ndinapita kwa a Benedito ndi nsomba ziwiri zimene Armando anabwera nazo. Akalamba kwambiri tsopano, maso achita khungu, amakhala pakhonde ndi korona yawo ya mikanda yosweka. Ndinaodira, ndinagwada, ndinapereka mbale. Anandifunsa kuti, “Ndamva kuti igereja akuitseka. N'zoona, mwanawe?” Ndinati n'zoona. Iwo anati, “Nthaka ya pamtunda paja ndi mwala. Ndinakumba nawo maziko a kachipinda kaja ndili mnyamata. Siyenda imene ija.” Amayi, sindidziwa chinandigwira. Ndinayamba kulira ngati kamwana, mamina ndi misozi. Lonjezo lanu sindinaliswe, sindinatchule ngakhale liwu limodzi.

Anandisiya ndilire. Nditatonthola anati, “Amayi ako anakuuza, eti?” Iwo anapitiriza kuti, “Tsiku lothawa ine ndinali ku Insaca ndi mkazi wanga wodwala. Makiyi ndinasiyira amayi ako, chifukwa ndi iwo ankachapa nsalu. Kumene anaika mabuku sindidziwa, pamenepo sindinaname. Koma kumsasa ndinaona mayi wopanda ngakhale nkhuku akukweza mwana wakufa pa galimoto, ndipo patapita sabata ziwiri ndinamuona akubwera naye wamoyo. Sindine mwana, ndinawerenga.” Izi simunandiuze, Amayi. Simunandiuze kuti makiyi anakupatsani ndi iwo, kuti ankadziwa, ndiponso kuti inu munkadziwa kuti akudziwa. Zaka zonse zija munkapatsana mtendere wa Ambuye pa Misa, inu kuchokera kutsogolo kupita ku benchi yomaliza kukawagwira dzanja, ine n'kumati amayi anga ndi woyera mtima.

Ndinawafunsa kuti, “Agogo, nanga bwanji simunanene? Anakuchotsani pa ntchito, tinakuimbani nyimbo.” Anaseka pang'ono n'kunena kuti, “Ndikanati chiyani? Kuti mkazi wamasiye aponyedwe miyala chifukwa anapulumutsa mwana? Ine ndinali ndi msana wolimba nthawi imeneyo. Zinandipweteka, usaganize kuti sizinandipweteke. Zaka zina ndinkadana nawo amayi ako, ndiwo zawo ndinkapatsa galu.” Kenaka anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza mutu wanga, nati, “Koma chikho sichinatayike, Tere. Chimabwera kudzaodira pakhomo panga Loweruka lililonse.” Amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Ine ndinkayesa mwambi chabe, osadziwa kuti nkhuyuzo ndinadya ndine.

Sanandikakamize kanthu. Anati za chikho ndingathe kuzisiya, iwo anazolowera kale benchi yawo. Anangopempha chimodzi. Anati m'buku lachiwiri muli tsamba la ukwati wawo, dzina lawo ndi la akazi awo aja anamwalira tisanawoloke malire, ndipo ngati chiswe sichinadye, akufuna wina awawerengere asanafe. Chithunzi cha mkazi wawo alibe, manda ake sadziwika pamene ali. Chatsala ndi mzere umodzi umenewo, ndipo uli m'mimba mwa Yudasi, mu kapulana yanu.

Ndabwera kuno, ndasesa, ndasuntha mikeka ya ana, ndakhala pansi. Ndayang'ana Yudasi nthawi yaitali. Mantha sanandichoke, Amayi. Sindidziwa ngati mabukuwo akadali mabuku kapena ndi dothi. Sindidziwa ngati enjinyeru akamva adzati nyumba ichira, kapena adzati tachedwa. Sindidziwa ngati mawa madzulo makiyi awa adzakhala akadali m'manja mwanga. Azimayi amene munkaimba nawo ena adzanditembenukira msana, ndikuwadziwa, ndipo Rozina adzalira chifukwa cha dzina la mwana wake. Koma a Benedito asenza zaka makumi atatu, ine ndasenza ziwiri zokha ndipo ndatha. Za chikho sindizisiya. Ndikanena za mabuku zokha, anthu adzati ndiye kuti akatekisita anagulitsa chikho chokha, ndipo adzafera pa benchi yomaliza.

Mawa m'mawa ndikamenya njanji, sindikayala mkeka pa Andireya. Ndikawatenga a Benedito kunyumba kwawo, ndiwagwire dzanja, tikakhale chapafupi ndi Yudasi pamene aliyense adzationa, mavu atilume ngati afuna. Anthu adzafunsa kuti mwana wa a Filomena wapenga kodi. Misa ikatha, a padiri akatsegula msonkhano, ndidzaimirira.

Ndikhululukireni, Amayi. Lonjezo lija ndikuliswa, ndipo ndafuna kuti mumve kwa ine musanamve kwa anthu. Koma ndikukupatsani lina m'malo mwake, ndipo ili ndidzalisunga mpaka tidzaonane. Dzina lanu sindilisiya liime lokha pamaso pa mpingo. Ndikanena za chikho ndidzanenanso za chikuku, za bambo amene munali mutangowaika, za galimoto ija. Ndidzawauza kuti amene akufuna kuona kumene chikho chinapita ayang'ane ine. Kapulana yanu ikatuluka, ngakhale itakhala nsanza, ndidzaichapa ndekha. Ndipo Filomena wamng'ono adzabatizidwa pa mwala uja anaukoka ndi ng'ombe, ndi dzina lanu lomwelo, sitisintha.

Mupereke moni kwa bambo, muwauze kuti njerwa zimene anataya kutchire tikuzifuna. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale lero, ngakhale mawa ndikadzaimirira. Mundipempherere kuti mawu asadzandithawe.

Ndine mwana wanu, amene munamugula modula,
Terezinya